Tilembe Pamene Madzi Adafika

Mawu omwe adayankhulidwa pa mwambo wokondwerera zaka khumi za kopaletivi yathu, 2015 mpaka 2025

 

Akomiti pondipempha kuti ndiyankhule lero anandiuza kuti za mtengo wa mpunga ndi za masheya ndisazikhudze, ziyankhulidwa ndi eni ake. Ine anandipatsa madzi, poti ntchito yanga kwa zaka zambiri inali yoyeza mitsinje. Ndiye mundipirire, penapake nditchula manambala. Amene tulo timugwire, mnzake amugwedeze ikafika nkhani ya nyumba yosungiramo mpunga, chifukwa pamenepo pali ndalama zanu.

Kopaletivi yathuyi idabadwa m'chaka cha madzi. Pa 13 Januwale 2015, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi ya kusefukira kwa madzi, ndipo Salima idali m'gulu lomwelo. M'dziko lonse anthu oposa 1 miliyoni adakhudzidwa, pafupifupi 230,000 adathawa m'nyumba zawo. Chaka chotsatira kudagwa chilala. Mu 2019 kudabwera Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe, mu 2023 Freddy amene adatilanda abale athu ambiri kummwera. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa udasefukira kwa anansi athu ku Nkhotakota, ndipo chaka chomwecho nyanja yathuyi idalowa m'minda, m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Mwana amene adabadwa pamodzi ndi kopaletiviyi ali ku pulayimale, koma zonsezi waziona kapena kuzimva.

Tsono ndifunse. Madzi a 2015 adafika pati m'munda mwanu? Wina ati m'mawondo, wina ati m'chiuno. Chiuno cha ndani, poti ena ndinu aatali ena aafupi? Adakhala masiku angati asanaphwe? Adalowera mbali iti? Thumba lililonse la mpunga lomwe lalowa m'kopaletivi muno lili m'buku, ndi dzina la mwini wake ndi makilogalamu ake. Koma madzi, omwe ndiwo amagamula ngati thumbalo likhalepo kapena ayi, alibe buku. Pempho langa lero ndi limenelo, kuti madzi nawo tiwatsegulire buku ndi mapu.

Ife a kuno madzi amatipeza m'njira zitatu, ndipo tikazisokoneza timamwa mankhwala a mutu pamene chikupweteka ndi mimba.

Njira yoyamba ndi mtsinje. Linthipe amene timamuona akudutsa pa mlatho wa msewu wa M5 sali yekha. Wasenza madzi ochokera kumapiri a Dedza, walandira Diamphwe, walandiranso mtsinje wa Lilongwe wochokera ku Dzalanyama, umene umadutsa pakati pa mzinda n'kutola madzi a pa malata ndi pa phula. Dera lonse limene madzi ake amathera mu Linthipe ndi loposa masikweya kilomita 8,000. N'chifukwa chake chigumula chimatha kutipeza kuno kuli ngwee, dzuwa likuswa mtengo, ife tikuyanika zovala. Mvula yagwa dzulo usiku kumtunda, kwa anthu amene sitiwadziwa n'komwe. Lifidzi, Lipimbi ndi Lingadzi nawo ali ndi kwawo kumtunda, ndipo poti njira yawo ndi yaifupi, amadzaza mwachangu.

Pa wailesi mumamva a zanyengo akuti kwagwa mvula ya mamilimita 50, inu n'kumati kanthu kakang'ono, kosafika ngakhale kutalika kwa chala. Tiyeni tiwerengere. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi ya madzi. Pa ekala imodzi, mamilimita 50 ndi malita oposa 200,000, kutanthauza migolo 1,000 ya malita 200. Ekala imodzi yokha. Pamene pali nkhalango, gawo lalikulu limalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka chilimwe. Pamene mitengo idapita ku makala, madzi amathamanga tsiku lomwelo, atanyamula dothi. Akafika kuno kuchigwa mphamvu imawathera, mchenga n'kuutula m'kati mwa mtsinje. Mtsinje umene kale munthu ankatsetsereka polowamo, lero mchenga wake watsala pang'ono kulingana ndi munda. Ndiye madzi amene kale ankakwanamo, lero sakwanamo, ngakhale mvula ikhale yofanana ndi ya kale. Ena amati mvula ya masiku ano yakula ukali, ndipo sakunama. Koma nayo mbale yachepa.

Njira yachiwiri ndi nyanja, ndipo pano ndichedwapo pang'ono chifukwa chaka chathachi panali mikangano.

Nyanja yathu imayezedwa tsiku ndi tsiku ku Chilumba, ku Nkhata Bay ndi ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyezedwa kwa zaka zoposa 100. Muyeso wake amauwerenga kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Chaka chilichonse imakwera nthawi ya dzinja, n'kufika pamwamba cha mu Epulo kapena Meyi, kenako n'kumatsika mpaka cha mu Novembala kapena Disembala. Kusiyana kwake kumakhala pafupifupi mita imodzi. Kumeneko tidakuzolowera. Koma palinso kukwera ndi kutsika kwina kotenga zaka zambiri, kumene munthu mmodzi sakuona kawirikawiri pa moyo wake. Cha mu 1915 nyanja idatsika mpaka Shire adasiya kutuluka, pakamwa pake padatsekeka ndi mchenga ndi zomera, ndipo zidakhala choncho zaka pafupifupi 20, kufikira cha mu 1935. Mu 1980 idakwera kufika mamita 477. Azigogo amene muli pano mukukumbukira pamene mabwato ankakocheza chaka chimenecho. Mu 2016 ndi 2017 idatsikira pafupi ndi mamita 473, nthawi ija magetsi ankangozimazima chifukwa madzi mu Shire adachepa. Mu 2024 idadutsa mamita 476.

Mwaona? Pa zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu zokha, nyanja idakwera mamita atatu. Kumalo a miyala monga kuphiri la Senga, mamita atatu sasintha kanthu kwenikweni. Koma kuno kwathu kosalala, ngati nthaka imakwera mita imodzi pa mtunda wa mamita 300, mamita atatu aja amalowa kumtunda pafupifupi kilomita yathunthu. Onjezanipo mwera, umene umayamba nyanja ili pamwamba n'kumakankhira mafunde kugombe lathu lino. Malo amene nyanja idasiya m'zaka za kutsika, ena tidalimapo, ena tidamangapo, ena tidagula ndi ndalama. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Nyanja nayo siiwala gombe lake la 1980.

Ndidamva ambiri akunena kuti vuto lonse ndi Liwonde, kuti adatseka zitseko pa Kamuzu Barrage. Baraji imeneyi idamangidwa mu 1965, idakonzedwanso zaka zapitazi, ndipo n'zoona kuti imalamulira kuchuluka kwa madzi otuluka mu Shire. Kufunsa a National Water Resources Authority momwe akuiyendetsera ndi ufulu wathu, tizifunsa ndithu. Koma tidziwe zinthu ziwiri. Madzi ambiri amene amachoka m'nyanjayi amachoka ndi dzuwa ndi mphepo, ngati nthunzi. Otuluka mu Shire ndi gawo laling'ono. Chachiwiri, zitseko zikatsegulidwa kwambiri nthawi imodzi, madzi aja amakathera m'nyumba za anzathu ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ine maganizo anga ndi akuti amene akudikira kuti Liwonde imuphwetsere munda adikira nthawi yaitali.

Njira yachitatu ndi mvula yathu yomwe, yogwa pa dambo n'kusowa kopita, makamaka pa makande pamene madzi salowa pansi msanga. Imeneyi ndi bwenzi la mpunga, ndipo ku Lifuwu ndi ku Mpatsanjoka anthu adya nayo kuyambira kale. Imasanduka mdani pamene kalavati yatsekeka, kapena pamene nyanja yakwera n'kuima pakhomo pamene madziwo ankatulukira. Chaka choipa kwambiri ndi chimene zitatuzi zakumana: mtsinje wadzaza, nyanja ili pamwamba ikuukaniza kulowa, dambo nalo lakhuta kale.

Tsopano mapu a madzi n'chiyani? Si mapu aja a kusukulu oonetsa maboma. Ndi pepala loonetsa dera lathu, munda ndi munda, lonena kuti apa madzi amafika pafupifupi chaka chilichonse, apa amafika mwa apo ndi apo, apa sanafikepo chiyambire kukumbukira kwa anthu. Mapu abwino amanenanso kuya kwa madziwo, masiku amene amakhala, ndi njira imene amalowera. Kuti apangidwe pamafunika kudziwa kukwera ndi kutsika kwa nthaka, kuchuluka kwa mvula ndi madzi a mumtsinje pa zaka zambiri, ndi zizindikiro za pamene madzi adafikadi.

Zina mwa izi zilipo kale, ndipo zambiri n'zaulere. Masetilaiti a Landsat a ku America akhala akujambula dziko lapansi kuyambira 1972. Mukayala zithunzi za zaka zosiyanasiyana, mumaona mtsinje ukusuntha ngati njoka, apa wadya munda, apo wasiya mchenga. Mu 2014 maiko a ku Ulaya adaponya setilaiti yotchedwa Sentinel-1, imene imaona pansi ngakhale kuli mitambo kapena usiku, chifukwa siidalira kuwala kwa dzuwa. Pa zithunzi zake madzi amaoneka akuda. Mu 2017, madzi atasefukira, a UNICEF adaulutsa madroni, tindege tija topanda woyendetsa, kuno ku Salima, ku Lilongwe ndi ku Karonga, kujambula malo owonongeka. Chaka chomwecho ku Kasungu kudatsegulidwa malo oyeserako madroni, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata kuwaulutsa ndi kuwerenga zithunzi zake, African Drone and Data Academy. Boma lili ndi nkhokwe ya mapu pa intaneti yotchedwa MASDAP. Ana athu amene ali ndi foni zamakono angathe kuitsegula.

Mwina wina akuti, ngati zili choncho, azungu ndi a boma atijambulire, ife tipitirize kulima. Ayi, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Setilaiti imadutsa pamwamba pathu kamodzi pa masiku angapo. Linthipe akadzaza Lachiwiri usiku n'kuphwa Lachinayi, setilaiti n'kudutsa Loweruka, chithunzi chidzanena kuti kunalibe chigumula. Madzi obisala pansi pa bango kapena pansi pa mitengo nawo amaizembera. Ndipo muyeso wa kukwera kwa nthaka umene ambiri amagwiritsa ntchito, wojambulidwa kuchokera mumlengalenga mu 2000, umatenga malo a mamita 30 m'litali ndi m'lifupi ngati kadontho kamodzi, ndipo umatha kuphonya ndi mamita angapo. Pamene kwa ife kusiyana kwa munda wopulumuka ndi munda womira ndi kuchokera pa chidendene kufika pa bondo. Katswiri ali pa kompyuta ku Lilongwe kapena ku Geneva angathe kupanga mapu okongola, amitundumitundu, koma kuti adziwe ngati mapuwo akunena zoona, amafuna munthu woti amuuze kuti pa mlambe uwu madzi adafika apa, tsiku lakuti. Munthu ameneyo ndinu.

Pali mawu ena amene akatswiri amakonda, amene amasocheretsa anthu. Amati chigumula cha kamodzi pa zaka khumi. Munthu akamva choncho amati, chabwera chaka chino, ndiye ndapuma zaka zisanu ndi zinayi. Sizitero. Tengani nyemba khumi, zisanu ndi zinayi zoyera, imodzi yofiira, muike m'thumba. Chaka chilichonse pisani dzanja osayang'ana, mutulutse imodzi, kenako muibwezere. Yofiira ija mungathe kuitola zaka ziwiri zotsatizana, mungathenso kukhala zaka khumi ndi zisanu osaiona. Masamu ake amati pa zaka khumi, mwayi woitola kamodzi kapena kuposa ndi 65 pa 100. Pa zaka 30 ndi 96 pa 100. Ngakhale chigumula chachikulu chija amati cha kamodzi pa zaka 100, pa zaka 30 mwayi wake ndi pafupifupi umodzi pa inayi.

Gwedezani uja wagona, tafika pa nyumba yosungiramo mpunga.

Bodi yatiuza kuti ikufuna kumanga nyumba yaikulu yosungiramo mbewu, ndipo pamalo pomwepo padzakhale makina opunthira mpunga. Nyumba yotere timaimanga kuti ikhale zaka 30 kapena kuposa. Malo apafupi ndi minda ndi okoma, ngolo siyenda mtunda wautali, ndipo nthawi zambiri ndi otsika mtengo. Koma ngati malowo ali m'dera la nyemba yofiira ija, mwamva nokha, 96 pa 100. Ndipo madzi akalowa m'nyumba yotero salowa mwa munthu mmodzi. Amapeza mbewu yobzala ya mamembala onse, feteleza wa ngongole, mabuku, sikelo ndi injini. Munda ukamira munthu amalira chaka chimodzi. Nkhokwe ya kopaletivi ikamira, ngongole imatsala, mamembala amayamba kulozana zala, ndipo magulu ambiri amathera pamenepo. Ndikupempha bodi pamaso pa nonse kuti njerwa ngakhale imodzi isaikidwe malowo asanayezedwe. Pafunsidwe kuti nyanja ya 1980 idafika pati, mtsinje wa 2015 udafika pati, ndipo pansi pa nyumbayo pakwezedwe kuposa chizindikiro chapamwamba mwa zonse, ndi malo otsala. Kulipira munthu wa ku ofesi yoyeza malo kuti abwere ndi makina ake tsiku limodzi n'kotsika mtengo kuposa matumba khumi a Kilombero onyowa.

Nanga buku la madzi lija tiliyamba bwanji? Sizifuna pulojekiti kapena galimoto yolembedwa m'mbali. Mwezi uno madzi aphwa, zone iliyonse isankhe anthu atatu kapena anayi: wachikulire mmodzi amene adaona 1980, mayi mmodzi amene amadziwa madimba, ndi wachinyamata wokhala ndi foni yotha kuonetsa malo. Ayende. Pa mlambe, pa khoma la sukulu, pa mzikiti, pa tchalitchi, pa mzati wa mlatho, paliponse pamene anthu awiri kapena atatu agwirizana kuti madzi adafika apa, pakedwe penti ndipo palembedwe chaka. Wachinyamata ajambule chithunzi, alembe manambala a malowo amene foni ikuonetsa, ndipo ayeze ndi tepi kuchokera pansi. Amayi musasiyidwe m'mbuyo pa ntchito iyi. Abambo amakumbukira tsiku limene madzi adabwera, koma amene amadziwa kuti chitsime chiti chidayamba kuipa, njira iti ya kuchigayo idatsekeka masiku angati, ndinu.

Kenako tigule zoyezera mvula zingapo, zapulasitiki zija, tiike pa sukulu kapena pakhomo pa membala wokhulupirika, pamalo opanda mtengo. Ziwerengedwe m'mawa uliwonse nthawi yofanana, ndipo tsiku limene sikunagwe mvula lilembedwe 0, osati kusiya mpata, chifukwa mpata sunena ngati kunalibe mvula kapena woyeza anapita ku maliro. Pa madooko athu ndi pamene ngalande zimalowera m'nyanja tizike mitengo yolembedwa masentimita. Chaka choyamba bukulo lidzaoneka lopanda ntchito, ena adzaseka. Likafika zaka zisanu, alangizi ndi a khonsolo adzayamba kubwera kudzalibwereka.

Chigumula chikadutsa, manja amathamangira kutsuka ndi kukonza, ndipo m'pomveka. Koma musanatsuke khoma, lembani mzere wa matope uja. Musanalime, kumbani ndi khasu malo angapo m'munda muone chimene mtsinje wakusiyirani. Ngati ndi matope ofewa akuda, umenewo ndi manyowa aulere, ndipo chimanga cha dimba, mbatata ndi nyemba zidzakondwa. Ngati ndi mchenga wochepa, ungasakanizike ndi dothi la pansi polima mozama. Ngati ndi mchenga wofika m'bondo, musataye mbewu ndi feteleza wa ngongole pamenepo chaka chimenecho. Komiti ya ngongole ikakhala ndi mapu oonetsa zimenezi, idzadziwa woyenera mbewu yocha msanga, woyenera mbewu ya dimba, ndi woyenera kumuonjezera nthawi yobweza, popanda kukondera kapena kuyang'ana nkhope. Pobwera a DoDMA kapena mabungwe kudzalemba owonongekeredwa, gulu lofika ndi mapu, masiku ndi maekala limamveka msanga kusiyana ndi lofika ndi madandaulo okha. Zitsime ndi mijigo yomizidwa nayo ilembedwe ndipo a zaumoyo adziwitsidwe. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja siidatilambalale.

Mapu omwewo atithandiza pa nkhani ya madayiki. Munthu akaona madzi alowa m'munda mwake, amaunjika dothi m'mbali. Madzi aja sasowa, amangopita kwa mnzake wa tsidya lina kapena wa kunsi, ali ndi liwiro loposa kale. Ndaonapo milandu yotere ikufika kwa a gulupu, abale enieni osayankhulana. Pali malo ofunikadi khoma lotchinga, monga pozungulira mudzi kapena sukulu. Koma pali malo ena amene dambo liyenera kusiyidwa kuti limwe madzi, chifukwa ndiyo ntchito yake. M'mphepete mwenimweni mwa mtsinje mubwerere bango, nsenjere, nsungwi ndi vetiva. Ndikudziwa kuti mzere womaliza uja, wa pa gombe penipeni, ndi umene umabereka tomato wonenepa. Ndi womwewonso umene umatsegulira mtsinje khomo.

Tsopano ndinene chimene ena mukunong'onezana kumbuyoko. Mukuti mapu ndi chiyambi cha kulandidwa malo. Mantha amenewa sindiwapeputsa. Kuno kugombe taona malo akupita kwa anthu a ndalama, ndipo nthawi zambiri zimayamba ndi munthu wonyamula tepi. Komanso lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi, Disaster Risk Management Act la 2023, limene lidalowa m'malo mwa lija la 1991 lobwera pambuyo pa napolo wa ku Phalombe, limapatsa boma mphamvu zolengeza kuti malo ena ndi oopsa kukhalamo. Ndiye mapu adzajambulidwa ndithu, ife tifune tisafune. Funso ndi lakuti adzajambulidwa ife tilipo kapena tili kumunda. Ngati mzere ulembedwa ndi munthu wongoona chithunzi cha mumlengalenga, angathe kuika mudzi wonse m'dera loopsa pamene theka lake silinanyowepo, kapena kusiya kunja malo amene tonse tikudziwa kuti amamira. Gulu lokhala ndi buku lake ndi zizindikiro zake lingathe kukhala pansi ndi a khonsolo n'kunena kuti apa mwalondola, apa mwaphonya, umboni ndi uwu. Mapu athu akhale a kopaletivi, asungidwe ku ofesi yathu, mafumu akhale ndi kope, ndipo asaperekedwe kwa munthu wakunja popanda chilolezo cha msonkhano waukulu. Asonyeze madzi, osati malire a minda; za malire zili ndi eni ake, mafumu ndi makomiti a malo.

Chowawa china ndi ichi, ndipo sindichibisa. Mapu akatuluka, ena mwa ife tidzaona munda wathu uli m'dera lofiira, ndipo munda umenewo ndi womwe tili nawo, wosiyidwa ndi makolo. Munthu wotere kumuuza kuti samuka n'kosavuta kwa amene ali pamtunda. Kopaletivi isamutaye kapena kumumana ngongole chifukwa cha mtundu wa penti. Imuthandize kusankha chobzala ndi nthawi yobzala: pamene madzi amakhalitsa, mpunga osati chimanga, poti chimanga chaching'ono chikaima m'madzi masiku ochepa chabe chimafa, pamene madzi amathamanga ndi mphamvu, kudikira dimba. A ku Lifuwu, kumalo ofufuzira za mpunga, ali pakhomo pathu pomwepa. Tiwaitane adzaone mapu athu, atiuze mtundu woyenera malo aliwonse.

Za machenjezo ndinene mwachidule. Kudzera mu pulojekiti ya M-CLIMES, boma ndi UNDP adaika makina pa mitsinje ina m'maboma asanu ndi atatu, Salima ili momwemo. Madzi akakwera kumtunda, makinawo amatumiza uthenga pa foni kwa anthu a kunsi. A zanyengo nawo amalengeza pa wailesi ndi pa foni. Koma uthenga wofika pa foni yozima, kapena kwa munthu amene sadziwa kuti kiyi wa nkhokwe ali ndi ndani, ndi wotayika. Maola atatu kapena anayi ndi okwanira kutulutsa ana, ziweto ndi mbewu, ngati zidakambidwa kale kuti ngolo ya ndani ipita kuti, ndipo njira iti siimira. Mapu ndi amene amaonetsa njira imeneyo. Tigwirizane ndi makomiti a ngozi a m'midzi mwathu, ambiri mwa iwo ndi mamembala athu omwe. Ndipo amene amazula sola ndi batire pa makina aja kuti akatchajire foni, mafumu mutithandize, chifukwa ameneyo wabera mudzi wonse wa kunsi.

Ena achikulire mukukumbukira pulojekiti yaikulu ya chitukuko cha kunyanja imene idayamba kuno ku Salima mu 1968 ndi thandizo la dziko la Germany. Kudayezedwa nthaka, kudakumbidwa mijigo, kudalambulidwa misewu. Mapepala a nthawi imeneyo ambiri a ife sitidawaonepo, chifukwa sadali m'manja mwathu. Ili likhale buku lathu, lolembedwa m'Chichewa, loti mlembi akasintha alisiyire mnzake pamodzi ndi buku la masheya.

Mayi wapampando, ndikupempha kuti pa msonkhano waukulu ukubwerawu, mvula isanayambe, nkhanizi zilowe pa ndondomeko ya zokambirana: kusankha anthu oyenda m'mazone, ndalama ya penti, matepi, makope ndi zoyezera mvula, ndi chigamulo choti malo a nyumba yosungiramo mpunga ayezedwe kaye. Azigogo amene mudaona nyanja ya 1980, musachoke mukatha kudya. Alembi ali ndi kope patebulo apo, akufuna maina anu ndi midzi yanu kuti achinyamata adziwe khomo loyamba kugogoda. Ineyo ndidzayenda nawo gulu loyamba, tepi ndili nayo.